Moto wa m'thupi uli ndi wousonkheza

Munthu wogona ku Dedza mwezi wa Juni, madzi a m'ndowa akuluma zala m'mawa, ndi mnzake wogona ku Nsanje kapena ku Tete mwezi wa Okutobala, mphasa ikuwotcha ngati chiwaya, mukawayeza onse awiri mupeza kuti mkati mwa matupi awo kutentha n'kofanana: pafupifupi madigiri 37. Nambala imeneyi anaitchukitsa ndi dokotala wa ku Germany, Carl Wunderlich, m'chaka cha 1868, atayeza odwala zikwizikwi mumzinda wa Leipzig. Imasuntha pang'ono, kutsika cha m'mbandakucha n'kukwera chakumadzulo, koma sipita patali. Buluzi amadikira dzuwa pamwala kuti thupi lifunde. Ife timayenda ndi moto wathu.

Moto wotere sungakhale wopanda mwini. Aliyense amene anakulira pamafuwa akudziwa kuti moto ukausiya wokha umazima, apo ayi umanyambita denga. Pamafunika wina wokankhira chikuni mkati malawi akafooka, wochikokera kunja ndiwo zikayamba kupserera, komanso wosuzumira kuseri kwa nyumba kuona ngati nkhuni zifike mawa. M'thupi mwathu ntchito imeneyi ndi ya ubongo, ndipo amene amaubweretsera nkhani za mulu wa nkhuni ndi mahomoni, timadzi timene ziwalo zina zimathira m'magazi kuti tikapereke uthenga kutali.

Ndaphunzitsa bayoloje kusekondale zaka zoposa makumi awiri, koma chimene chinandikhazika pansi kuti nditsate nkhaniyi mpaka kumizu ndi thupi langa lomwe, chaka chimene ndinakwanitsa zaka 49. Msambo unayamba kudumpha miyezi, kenako kunabwera kutentha. Kumayambira pachifuwa n'kukwera m'khosi mpaka kumaso, ngati wina wavundukula mphika wa madzi owira pansi pa chibwano changa. Mtima umathamanga, thukuta limatsetsereka kumsana. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi zonse zapita, chotsala ndi kuzizidwa m'malaya onyowa. Usiku umodzi zinkatha kundidzutsa kanayi kapena kasanu. Mu Julayi, chiperoni chili kunja, bambo a kunyumba afunda mabulangete awiri, ine ndili chilili pawindo ndikudzikupiza ndi kope la mwana wasukulu.

Kwathu kuno thukuta la usiku si nkhani yoseweretsa. Amene tinali achikulire kale m'zaka za m'ma 1990 tinaika anzathu ambiri amene matenda awo anayamba motero, ndipo mpaka lero munthu akamva kuti wina akunyowetsa zofunda usiku, maganizo amathamangira ku chifuwa chachikulu ndi kachilombo ka HIV. Ndinapita kuchipatala. Anayeza malungo, makhololo ndi magazi, zonse zili bwino. Namwino, mayi wamkulupo kuposa ine, anatseka buku langa n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, nanga kumwezi mukupitabe?" Nditamufotokozera anagwedeza mutu. "Ndiye ndi zimenezo. Ndi kukula kumeneko. Zidzatha zokha."

Mtima unakhala pansi, koma funso linatsala. Kusiya kusamba ndi nkhani ya m'mimba, ya thumba la mazira ndi chiberekero. Nanga moto wa kumaso ukuchokera kuti? Yankho lake lili m'mutu.

Pansi pa ubongo, chakuseri kwa maso, pali kachigawo kotchedwa hypothalamus, kolemera pafupifupi magalamu anayi basi. N'kamene kamayang'anira njala, ludzu, tulo, kubereka ndi kutentha kwa thupi. Chakutsogolo kwake kuli maselo amene amamva kutentha kwa magazi odutsa pamenepo, n'kulandiranso uthenga wochokera pakhungu. Zimenezi amaziyerekeza ndi mlingo umene thupi likufuna kusunga. Akaona kuti kwatentha, amatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu kuti kutentha kutulukire kunja, n'kulamula thukuta. Akaona kuti kwazizira, amafinya mitsempha yomweyo, zala n'kuuma, khungu n'kuchita tsembwe, minofu n'kuyamba kunjenjemera. Ngakhale maganizo oti "nditenge juzi" kapena "ndisendere kumbaula" amayambira komweko. Malamulo onsewa amayenda kudzera m'minyewa, timitsempha tonyamula uthenga, ndipo ambiri a iwo satipempha chilolezo.

Amene anadwalapo malungo anauonapo mlingo umenewu ukusunthidwa. Tizilombo ta malungo tikaphulitsa maselo ofiira a magazi, asilikali a m'thupi amatulutsa timadzi tochenjeza. Chenjezo likafika m'mitsempha ya magazi ya mu ubongo, mumapangidwa kamadzi kotchedwa prostaglandin E2, kamene kamakagwira maselo akutsogolo kwa hypothalamus aja n'kukweza mlingo kuchoka pa 37 kufika pa 39 kapena 40. Thupi lisanafike pamlingo watsopanowo, ubongo umaona ngati munthu wazizidwa. N'chifukwa chake wodwala amanjenjemera, mano gwegwegwe, n'kumapempha bulangete lachitatu masana a Novembala, pomwe womudwazika akamugwira pachipumi akumva moto. Mlingo ukabwerera pansi, thukuta limatuluka kudzachotsa kutentha kotsalako. M'chaka cha 1971, John Vane wa ku London anaonetsa kuti asipirini amatsekereza kupangidwa kwa prostaglandin, ndipo panado amatsitsa kutentha m'njira yofananako. Amabweza mlingo, koma tizilombo satipha. Imeneyo ndi ntchito ya mankhwala a malungo.

Kunjenjemera ndi njira imodzi chabe yopangira kutentha, ndipo ndi yotopetsa. Pali ina yachete. Kuwonjezera pa mafuta oyera, amene ndi nkhokwe ya chakudya, thupi lili ndi mafuta ofiirira, amene ntchito yake ndi kuwotcha. Mtundu wawo umachokera ku timbaula ting'onoting'ono ta m'selo totchedwa mitochondria, timene tadzaza thothotho m'mafuta amenewa. M'maselo ena onse timbaulati timawotcha chakudya n'kusunga mphamvu yake kuti ikagwire ntchito. M'mafuta ofiirira muli puloteni yotchedwa UCP1, imene imadula mgwirizano umenewu. Zili ngati chigayo chimene injini ikulira koma lamba wamasulidwa: dizilo akutha, ufa sukutuluka, injini ikungotentha. Kwa mwini chigayo kumeneko n'kuluza. Kwa thupi lozizidwa ndiye phindu lenileni. Womasula lambayo ndi ubongo, kudzera m'minyewa imene imathira kamadzi kotchedwa noradrenaline pamafutawo.

Khanda limadalira kwambiri mafuta amenewa, amene amakhala pakati pa mapewa, m'khosi ndi mozungulira impso, chifukwa silitha kunjenjemera mokwanira. Mafutawa amachuluka m'miyezi yomaliza ya pakati, choncho mwana wobadwa masiku osakwana amabwera ndi mbaula yopanda makala okwanira. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene njira ya kangaroo, yomangirira khanda pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, imapulumutsira ana. Njirayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, ndipo ku Malawi inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999. Mayi amabwereka mwana moto wake mpaka wa mwanayo utakolera. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankakhulupirira kuti munthu akakula mafuta ofiirira amatha. M'chaka cha 2009, magulu atatu a ofufuza, ku Boston, ku Maastricht ndi ku Turku, anaonetsa ndi makina ojambula mkati mwa thupi kuti akuluakulu ambiri akadali nawo, makamaka m'munsi mwa khosi, ndipo amayaka munthu akakhala pozizira.

Koma wosonkheza moto wanzeru sayang'ana kuzizira kokha. Kuwotcha chakudya kuti chingosanduka kutentha n'kodula, ndipo ubongo uyenera kudziwa ngati thupi lingakwanitse. Apa m'pamene mahomoni amalowera.

Woyamba ndi wochokera ku chithokomiro, chiwalo chooneka ngati gulugufe kutsogolo kwa khosi, chimene ambiri timachidziwa chikatupa. Hypothalamus imatuma uthenga ku kachiwalo kolendewera pansi pake kotchedwa pituitary, nako n'kutuma wake ku chithokomiro, chimene chimatulutsa mahomoni awiri, T4 ndi T3. Manambalawo akuwerenga tizidutswa ta ayodini timene tili m'homoni iliyonse. Chithokomiro chikafooka munthu amazizidwa pamene anzake akutuluka thukuta, amanenepa, amatopa, khungu limauma. Chikathamanga mopitirira amamva kutentha nthawi zonse, mtima umagunda mofulumira, amawonda chikhalirecho akudya kwambiri. Kwa zaka zambiri madokotala ankafotokoza zimenezi ponena kuti homoniyi imapita m'ziwalo, m'minofu, m'chiwindi ndi mumtima, n'kukakolezera moto m'selo iliyonse payokha. Zimenezo n'zoona, koma nkhani sithera pamenepo.

M'chaka cha 2010, Miguel López ndi anzake a pa yunivesite ya Santiago de Compostela ku Spain anabaya kadontho ka T3 m'kati mwa hypothalamus ya makoswe, m'kachigawo kotchedwa VMH, osati m'magazi. Mafuta ofiirira a kumsana anayaka ndipo makoswe anawonda, ngakhale kuti homoniyo inali mu ubongo mokha. Anapezanso njira yake. M'maselo muli puloteni yotchedwa AMPK, imene imagwira ntchito ngati geji ya mafuta m'galimoto. Mphamvu zikachepa imadzuka n'kulamula kuti zonse zowononga mphamvu ziime. T3 ikafika mu VMH imaigoneka AMPK, ubongo n'kumva kuti nkhuni zilipo zambiri, ndipo umatumiza lamulo m'minyewa kuti mbaula iyake. Choncho chithokomiro chimakolezera moto m'ziwalo, komanso chimakanong'oneza kwa mwini moto kuti aonjezere.

Apa ndi pamene mchere wa m'khitchini umakhudzira ubongo. Popanda ayodini palibe T3, ndipo chithokomiro chimatupa poyesetsa kugwira kochepa kamene kalipo. Ndi chifukwa chake malamulo amafuna kuti mchere wogulitsa ukhale wothira ayodini. Amayi a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amene amaviika chinangwa chowawa masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole amateteza zambiri kuposa kukoma kwa nsima. Poizoni wa m'chinangwa chosaviika bwino amasanduka chinthu chimene chimatsekereza chithokomiro kulandira ayodini.

Mthenga wachiwiri amachokera m'nkhokwe momwe. Mafuta oyera amatulutsa homoni yotchedwa leptin, imene anaitulukira ndi Jeffrey Friedman ndi anzake pa yunivesite ya Rockefeller ku New York m'chaka cha 1994. Mafuta akachuluka leptin imachuluka, akachepa imachepa, ndipo munthu akangoyamba kugona ndi njala imagwa mofulumira, mafuta asanathe n'komwe. Mbewa za m'labotale zobadwa zopanda leptin zimanenepa modabwitsa, koma ukaziika pozizira matupi awo amazizira msanga. Nkhokwe ili yodzaza, koma palibe wokauza ubongo, ndiye ubongo umakhala ngati uli m'chaka cha njala. Leptin ikatsika, hypothalamus imachepetsa uthenga wopita ku chithokomiro, T3 imatsika, minyewa yopita ku mafuta ofiirira imakhala chete. Thupi limasankha kuzizidwa kuti lifike nthawi yokolola.

Zimenezi zinaoneka poyera pa kafukufuku wa Ancel Keys ku Minnesota m'zaka za 1944 ndi 1945, pamene anyamata 36 anadzipereka kudya pafupifupi theka la chakudya chawo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, mitima yawo inayamba kugunda pang'onopang'ono, ndipo ankadandaula kuzizira ngakhale m'nyengo yotentha. Ife sitinafunikire labotale kuti tione zimenezi. M'njala ya 2002, mwezi wa Febuluwale, ndinali ndi ana m'kalasi amene ankakhala atapinda manja m'khwapa masana dzuwa lili pamutu, ndipo pa buleki ankapita kukatsamira khoma lotentha m'malo mothamangitsa mpira. Malangizo a bungwe la World Health Organization osamalira mwana wonyentchera kwambiri amaika kuteteza kutsika kwa shuga ndi kuteteza kuzizidwa patsogolo penipeni, asanaganize zonenepetsa. Mwana wotero amatha kufa ndi kuzizira m'dziko lotentha, chifukwa ubongo wake wazimitsa mbaula kuti usunge makala otsiriza.

Mthenga wachitatu ndi amene anandibweretsa pankhaniyi. Thumba la mazira limatulutsa mahomoni awiri, estrogen ndi progesterone, ndipo onse awiri amalankhula ndi hypothalamus. Dzira likatuluka pakati pa mwezi, progesterone imakwera n'kukweza mlingo wa kutentha ndi pafupifupi theka la digiri kapena kucheperapo, mpaka msambo wotsatira. Amayi amene amalera mwachilengedwe poyeza kutentha m'mawa uliwonse amawerenga chizindikiro chimenechi. M'chaka cha 2014, gulu lomwe lija la ku Santiago de Compostela linaonetsa kuti estrogen nayo, ikafika mu VMH ya makoswe, imagoneka AMPK n'kuyatsa mafuta ofiirira, monga mmene T3 imachitira. Thupi la mayi wa msinkhu wobereka limauza ubongo mwezi ndi mwezi za mmene zinthu zilili, ndipo ubongo umazolowera mawu amenewo kwa zaka makumi atatu kapena kuposerapo.

Kenako, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, mawuwo amayamba kudukaduka mpaka kuzimiririka. Amene anaona chimene chimachitika mu ubongo pa nthawiyi ndi Naomi Rance, dokotala woyeza ziwalo za anthu omwalira, amene ntchito yake yambiri anaigwirira pa yunivesite ya Arizona. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, iye anayerekeza hypothalamus ya amayi omwalira asanasiye kusamba ndi ya amene anamwalira atasiya. Mwa amene anasiya kusamba, kagulu kena ka maselo kanali katakula mooneka, ndipo kanali kakupanga kamadzi kotchedwa neurokinin B kochuluka kwambiri. Masiku ano maselowa amatchedwa KNDy. Ntchito yawo yaikulu ndi kuimba ng'oma imene imayendetsa msambo: amauza ubongo nthawi yotuma uthenga ku thumba la mazira, ndipo estrogen ikabwera monga yankho, amafatsa. Estrogen ikasowa amaitana mokweza, ngati munthu wogogoda pakhomo pamene eni ake anasamuka.

Vuto ndi loti maselo amenewa ali ndi nthambi zofika kutsogolo kwa hypothalamus, kumene kuli oyang'anira kutentha aja. Akagogoda mwamphamvu, neurokinin B imathiridwa pamenepo, ndipo oyang'anira amamva ngati thupi lapsa. Nthawi yomweyo amatsegula mitsempha ya pakhungu n'kulamula thukuta. Magazi otentha ochokera mkati amathamangira kumaso ndi pachifuwa, ndipo ndiwo moto umene ndimamva. Rance ndi ophunzira ake atawononga maselowa mu ubongo wa makoswe m'chaka cha 2012, khungu la kumchira, kumene khoswe amatayira kutentha, linazizirako. M'chaka cha 2015, gulu la Waljit Dhillo pa Imperial College London linathira neurokinin B m'magazi a amayi athanzi amene anali asanasiye kusamba, ndipo ambiri a iwo anamva kutentha komweko kumene ine ndimamva.

Nditawerenga zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake ndimazizidwa pambuyo pake. Kutentha kwa mayi wosiya kusamba ndi malungo otembenuzidwa. Pa malungo, mkati mwatentha koma ubongo ukunena kuti kwazizira, ndiye munthu amanjenjemera. Kwa ine, mkati muli bwinobwino koma ubongo ukunena kuti kwapsa, ndiye thupi limataya kutentha kumene limakufuna, ndipo zikatha mkati mumakhala mutazizirako pang'ono. Robert Freedman wa pa yunivesite ya Wayne State ku Detroit anayeza mpata umene uli pakati pa poyambira kunjenjemera ndi poyambira thukuta. Mwa amayi opanda vutoli mpatawo unali pafupifupi 0.4 ya digiri. Mwa amene ali nalo unali utatsala pang'ono kutheratu. Munthu amakhala ngati akuyenda pamlatho wa mtengo umodzi: kapu ya tiyi wotentha, tsabola m'ndiwo, chipinda chotseka mawindo kapena mkwiyo pang'ono n'zokwanira kumugwetsera kuthukuta.

Namwino uja ananena zoona kuti zimatha zokha, koma "zokha" ameneyo ndi wamtali. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SWAN, amene anatsatira amayi a ku America kwa zaka zambiri, anapeza m'chaka cha 2015 kuti mwa amayi ovutika pafupipafupi, theka anavutika zaka zoposa zisanu ndi ziwiri, ndipo mwa amayi akuda a kumeneko nambalayo inafika zaka khumi. Zaka khumi za tulo todukaduka si zochepa kwa mayi amene m'mawa ali ndi kalasi, munda kapena benchi ya tomato pamsika. Abambo nawonso asaone ngati nkhaniyi ili kutsidya. Amene akulandira mankhwala otsitsa homoni ya testosterone chifukwa cha khansa ya prostate amamva kutentha komweku, pakuti maselo aja alinso mu ubongo wawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mankhwala alipo. Obwezeretsa estrogen ndi amene amathandiza kwambiri, ngakhale sayenera aliyense, makamaka amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena magazi kuundana m'mitsempha. Ndipo ntchito ya Rance inabala chipatso: mu Meyi 2023, bungwe loona za mankhwala ku America linavomereza fezolinetant, mankhwala amene si homoni, koma amatseka khomo limene neurokinin B imagogodapo. Womwa amayenera kuyezedwa chiwindi pafupipafupi, ndipo mtengo wake ndi wa anthu a m'mayiko olemera. Sindikuyembekezera kuwapeza posachedwa pawindo la mankhwala la chipatala chathu chaching'ono. Chimene chingatifikire lero, popanda kulipira kanthu, ndi kudziwa.

Kufunika kwa kudziwako ndinakuona nditapita kumudzi kukacheza ndi azakhali anga, amene tsopano ali ndi zaka za m'ma 70. Tikusenda nandolo pakhonde ndinawafunsa kuti, "Azakhali, kodi inu zimenezi zinakuchitikiranipo?" Anaseka kaye, kenako anasiya lichero. "Mwanawe, zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkadzuka pakati pa usiku thupi lili nyenyenye, mtima ukufuna panja kuti ndipitidwe mphepo. Koma ndinkaopa. Mayi wamkulu, wamasiye, apezeke panja usiku atangomanga chitenje m'chifuwa, anthu anena kuti akutani? Ndinkangokhala kuseri kwa chitseko n'kumapumira pamng'alu." Ndinawafunsa ngati anauzako wina aliyense. "Ndikanauza yani? Ndinkayesa ndi ine ndekha."

Mawu amenewo sanandichoke. M'midzi mwathu mayi wokalamba akangonenedwa kuti amatamba, moyo wake umakhala pachiswe, ndipo azakhali anga anapirira zaka zisanu ndi chimodzi kuseri kwa chitseko chifukwa cha kagulu ka maselo kosaoneka ndi maso. M'mudzi womwewo munali amayi ena ambiri amsinkhu wawo, aliyense kuseri kwa chitseko chake, aliyense akuyesa kuti ndi yekha. Mwambo wathu suli wosauka pa maphunziro a thupi la mkazi. Mtsikana akatha msinkhu anamkungwi amamulanga, akamalowa m'banja amamulanga, akatenga pakati poyamba pali chisamba. Khomo lolowera lili ndi alangizi ambiri. Khomo lotulukira munthu amadutsapo yekha, usiku, osadziwa dzina la chimene chikumuchitikira.

Zimene anamkungwi angawonjezere si zambiri. Kuti kutenthaku kudzabwera kwa ambiri a ife, ndipo si matsenga kapena chilango. Kuti kuvala zopepuka zosanjikiza, kugona pafupi ndi windo, kuchepetsa tsabola, mowa ndi fodya kumathandizako. Kuti thukuta la usiku likabwera ndi chifuwa chosatha, kuwonda, kutupa pakhosi kapena kutentha kumene choyezera chikukuona, kapena magazi akabweranso patatha chaka chathunthu munthu atasiya kusamba, ameneyo apite kuchipatala msanga. Ndiponso kuti munthu akanena kuti akumva kutentha kapena kuzizira kosagwirizana ndi nyengo, kaya ndi mayi wa zaka 50, mwana wanjala kapena wodwala chithokomiro, sakudzipangitsa. Akunena zimene ubongo wake wauzidwa ndi magazi ake.

Ine gawo langa ndi kalasi. Mutu wa mmene thupi limasungira kutentha kwake uli kale m'silabasi, pamodzi ndi chithunzi cha khungu ndi mivi yoloza ku hypothalamus. Chaka chatha, ndili pakati pojambula chithunzicho pabolodi, kutentha kunandipeza. Ndinaika choko pansi, n'kutsegula windo, n'kutembenukira ana makumi asanu ndi awiri amene anali atayamba kale kuyang'anizana. Ndinawauza kuti ayang'ane nkhope yanga, andiuze mitsempha ya pakhungu ikuchita chiyani, ndipo lamulo lachokera kuti. Anayankha bwino. Kenako ndinawonjezera muvi umene m'buku mulibe, wochokera ku thumba la mazira kupita ku ubongo, ndipo ndinafotokoza chimene chimachitika muviwo ukafufutika. Kalasi inali zii. Belu litalira, mnyamata wina wa kumbuyo, amene nthawi zambiri salankhula, anatsalira anzake akutuluka.

"Madamu," anatero, "ndijambule nawo chithunzicho bwinobwino musanafufute. Ndikufuna ndikawaonetse amayi anga."